Kachiswe Akana Kuzimitsa Kompyuta

Mutu 5

1. Malo opempha

Kachiswe sanalowe pa fakitale ya mkaka chifukwa cha nzeru zake. Nzeru anali nazo, izo sitikana, koma amene anamulowetsa ndi amayi ake.

Mayiwo ankatsuka zitini za mkaka kuseri kwa fakitale, m'chipinda chonyowa nthawi zonse. Manja awo anali ong'aluka ndi sopo. Mwana wawo atamaliza sukulu n'kumangokhala pakhomo, mayiwo anapita ku ofesi ya a Manijala kambirimbiri mpaka kuwatopetsa.

A Manijala anali mayi wamfupi, wolankhula osayang'ana munthu kumaso.

"Ine ana a antchito sindiwafuna pano," anatero. "Mwana akalakwa, kholo limabwera kudzalira muno. Ndatopa nazo. Ngati mukukakamira, abwere aziphunzira kwa a Mawaya. Koma akandiwonongera chinthu, nonse awiri mudzatulukira geti limodzi. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

A Mawaya anali mmisiri wa magetsi ndi makompyuta, bambo wa imvi woyenda ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya. Ndiwo anam'patsa mtsikanayo dzina loti Kachiswe, chifukwa ukamufuna unkamupeza pansi pa tebulo, mutu uli m'bokosi la mawaya. Patapita miyezi anam'patsanso kiyi wa kachipinda ka kompyuta.

Kompyutayo inali yakale, yotuwa, yolira ngati munthu wa chifuwa. Ntchito yake inali imodzi: kuyang'anira kuzizira kwa zipinda zosungira mkaka. Manambala ake ankaoneka pa sikirini imene inali pa windo la alonda. Chipinda chikayamba kufunda, kompyuta inkaliza alamu n'kutumiza uthenga pa foni ya a Mawaya ndi ya a Manijala. Magetsi akazima inkayendera mabatire.

Pulogalamu yoiyendetsa inali yaulere. Inalembedwa ndi anthu ambiri a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ankaloledwa kuona m'kati mwake. Wina akapezamo cholakwika, anzake ankakonza n'kutumiza kachidutswa kotsekera pamenepo. Amisiri amati chigamba. Kuika zigambazo ndiyo inali ntchito ya Kachiswe. Sinali ntchito yothyola msana. Inkangofuna munthu womva.

2. Nambala

Tsopano mverani zopusa zake.

Kompyuta yotere imawerenga yokha masiku amene yakhala isanazimitsidwe. Ukaizimitsa, nambala imabwerera pa ziro. Nambalayo sadya, savala, sagulira sopo. Koma achinyamata ophunzira zamakompyuta anali ndi gulu lawo pa foni, ndipo ankapikisana nayo. Aliyense ankajambula sikirini yake n'kuponya pagulupo. Wa nambala yaikulu ankamutcha Wosagona, basi. Panalibe mphotho ina.

Amene anamulowetsa Kachiswe pagulupo anali msuweni wake, mnyamata wapakamwa. Iyeyo mpikisano anagwa nawo kalekale. Amayi ake anazula pulagi ya kompyuta yake kuti alumikize ayironi, ndipo mnyamatayo analira ngati kwamwalira munthu.

Pamwamba pa onse panali mnyamata wina wotchedwa Magalasi. Kompyuta yake inali itapsa, koma nambala imene anafika inali isanapitiriridwe ndi aliyense. Ndi amene analemba pagulu kuti atsikana kompyuta amangodziwa kuipukuta fumbi.

Zigamba zimene Kachiswe ankaika miyezi yonseyi zinali zazing'ono, zosafuna kuzimitsa. Choncho nambala ya ku fakitale inkangokwera. Ikanafika Lolemba, ikanamupitirira Magalasi.

3. Mawu a a Mawaya

Lachisanu m'mawa a Mawaya analowa m'kachipindako chikwama chili paphewa. Akazi awo ankakachitidwa opaleshoni ku chipatala cha kutali, ndipo ankathamangira basi. Anakhala pa kreti.

"Khala pansi, Kachiswe. Foniyo ika m'thumba. Makutu ako ali kumutu, sali m'manja."

Kachiswe anakhala.

"Kwabwera zigamba ziwiri, ndipo sizili ngati zija timaika tikumwa tiyi. Izi ndi za mumtima mwenimweni mwa pulogalamu. Choyamba n'chotseka bowo limene akuba angalowere kudzera pa intaneti. Umvetse apa. Anthu aja akatulutsa chigamba, amalengeza poyera kuti bowo lili pakuti. Amatero kuti ife tidziwe. Koma mbava nayo imadziwa kuwerenga. Dzulo bowolo ankalidziwa anthu owerengeka. Lero likudziwika ndi aliyense.

"Chachiwiri n'cha kuuma. Apeza kuti kompyuta ikakhalitsa osazimitsidwa imatha kungouma gwa, osatsanzika. Sikirini ikuwala, fani ikuzungulira, koma m'kati mulibe chikuchitika. Yathuyi yakhalitsa, iwenso ukudziwa.

"Ndiye ukaziika, uizimitse n'kuiyatsanso. Ukapanda kutero, zigambazo zingokhala m'katimo osagwira ntchito, kompyuta n'kumayendabe ndi mtima wakale. Zili ngati kupita kuchipatala, kulandira mapiritsi, n'kuwasunga m'chikwama. Akakufunsa ukuti ndalandira. Inde walandira, koma wamwa?

"A Manijala ndawapempha kale. Alola masana ano magalimoto akachoka. Uime pompano mpaka manambala abwerere pa windo la alonda. Anthu amene alemba zigambazi sakudziwa iwe, sandidziwa ine. Ena achita zimenezi ataweruka ku ntchito zawo, atatopa, ndipo satipempha kanthu. Gawo lathu ndi kabatani kamodzi aka. Tikalephera kameneka, ndiye kuti ndife anthu otani?"

"Bambo," anatero Kachiswe, "bwanji tidikire Lolemba, mutabwera?"

"Lero lalakwa chiyani?"

"Palibe. Ndimangoti mwina ikana kuyaka ndili ndekha."

"Ikakana undiimbire, ndikuuza chochita. Loweruka ndi Lamlungu pano pamakhala alonda okha, ndipo kunja kukutentha. Ndi masiku amene ndikuifuna ili yamoyo. Lero, mwana wanga."

"Chabwino, bambo."

4. Kabatani

Masana magalimoto anachoka. Kachiswe anaika zigamba zonse ziwiri, ndipo anaika bwino. Pa sikirini panatuluka mawu omuuza kuti aizimitse n'kuiyatsanso. Anatambasula dzanja.

Foni inalira. Anali msuweni uja.

"Msuweni! Waona zimene walemba Magalasi? Akuti ukamupitirira, magalasi akewo awatafuna."

"Ndikuizimitsa lero."

"Ukuti chiyani? Tabwereza, netiweki ikundinamiza."

"A Mawaya alamula. Kwabwera chigamba chofuna kuyatsanso."

"Aaa, madala aja amachita mantha ngakhale fani ikatsokomola. Yakhala miyezi yonseyi osauma, ndiye iume mawa chifukwa yamva kuti kwabwera chigamba? Ili ndi makutu? Loweruka ndi Lamlungu lokha, msuweni. Lolemba m'mawa ujambule, uponye pagulu, kenako uzimitse mpaka chala chitupe. Ine anandizimitsira ndi amayi, sindinafune. Iwe ukufuna kudzizimitsira wekha? Ndiye kuti banja lathu lino lili ndi tsoka."

Kachiswe anaseka.

"Iwe ndiwe chitsiru."

"Chitsiru chomwecho ndi chimene chikukuuza kuti ukazimitsa, Magalasi adzakuseka mpaka udzakwatiwe."

Foni itaduka, Kachiswe anayang'ana mawu a pa sikirini aja. Anayang'ana nambala. Anachotsa mawuwo, natseka chitseko ndi kiyi.

Asanafike pa geti, a Mawaya anaimba ali m'basi.

"Waika?"

"Ndaika, bambo."

"Wayatsanso?"

Kumbali kwawo kunkamveka injini ndi mwana wolira.

"Eee, bambo."

"Manambala abwerera pa windo?"

"Alipo."

"Wandithandiza, mwana wanga. Tsopano ndikhoza kuganiza za odwalawa."

Ana inu mumaganiza kuti bodza ndi chinthu chachikulu, chofuna kukonzekera. Ayi. Ndi "eee" mmodzi, wonenedwa munthu akuyenda.

5. Pa beseni

Loweruka masana amayi ake ankachapa panja. Sabata yonse ankatsuka za eni ake, tsiku lopuma n'kutsuka zawo. Kachiswe ankatsukuluza, koma dzanja limodzi linkangopita ku foni, akumwetulira yekha.

"Zimene anakusiyira a Mawaya unamaliza?"

"Eee, amayi."

"Zonse?"

"Zonse."

Mayiwo anafinya malaya a sukulu a mng'ono wake, nawaponya m'ndowa.

"Ukandiyankha mofulumira choncho ndimakayika. Tandiyang'ana. Ine za makompyuta sindizidziwa, ndipo sindifuna kuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinaima m'ofesi muja ngati wopemphetsa, mayi uja akulemba zake osandipatsa ndi mpando womwe. Ndinavomera mawu oipa chifukwa cha iwe. Bambo ako atatisiya, ntchito ya zitini ija ndi imene yatigoneka m'nyumba. Ndi imene ikum'pititsa mng'ono wako ku sukulu. Si ntchito yabwino. Msana wanga unatha, zala izi m'mawa sizipindika. Koma ndi yathu, ndipo pa msinkhu wanga palibe amene angandilembe kwina.

"Sindikukupempha kuti ukhale wanzeru kuposa anzako. Anzeru ndawaona ambiri, akungoyendayenda m'misewu ndi mafoni awo. Ndikukupempha kuti munthu wamkulu akakuuza chinthu, uchite mpaka kumapeto kwake. Osati theka. Theka ndi limene limapweteka, chifukwa aliyense amagona mtima uli m'malo poganiza kuti zatheka. Ngati pali chimene wasiya, vala nsapato upite pompano. Alonda akutsegulira. Ine nditsukuluza ndekha."

Kiyi anali m'thumba la siketi yake. Ku fakitale sikunali kutali. Dzuwa linali likadalipo.

"Ndati ndamaliza, amayi. Bwanji simundikhulupirira?"

"Chabwino. Tenga ndowayo ukayanike."

6. Lolemba

Kachiswe analawirira kuti akajambule nambala anthu asanachuluke. Fungo linamulandira asanafike pa geti.

Magalimoto anali ataima opanda katundu, madalaivala atatsamira matayala. Chitseko cha chipinda chachikulu chinali chotsegula, ndipo m'malo mwa mphepo yozizira munkatuluka mpweya wofunda, wowawasa. Antchito ankagubuduza zitini n'kumakhuthulira mkaka mu ngalande. Unkatuluka uli mabumamabuma.

Alonda ankafotokozera aliyense wodutsa, chipewa chili m'manja.

"Ine ndimayang'ana pa windo monga anandiuzira. Manambala anali abwinobwino. Ndinkachita kuyamikira kuti sakusuntha n'komwe. Alamu sinalire. Ikanalira ndikanamva, ine sindigona pa ntchito."

Injini yoziziritsa chipinda chachikulu inali itaima Loweruka chifukwa cha kutentha. Zimenezo zinkachitika nthawi zina. Alamu inkalira, mmisiri n'kubwera, nkhani n'kutha. Ulendo uno palibe chinalira.

Amayi ake anali kale kuseri, atavala epuloni ndi majombo, zitini zonunkha zitawazungulira. Anadzutsa mutu, namuona, napitiriza kutsuka.

A Mawaya anafika ndi basi yoyamba, malaya omwe aja a Lachisanu. A Manijala anali atawaimbira. Sanapereke moni kwa aliyense.

"Tsegula," anamuuza Kachiswe.

M'kachipinda muja fani inkazungulira. Sikirini inkawala. A Mawaya anadina apa, nadina apo. Palibe chinasuntha. Kompyuta inali itauma, ndipo nambala ija inali itaima pa Loweruka. Magalasi sanamupitirire n'komwe.

A Mawaya anaiyang'ana nambalayo nthawi yaitali.

"Iyi si nambala ya kompyuta yoyatsidwa Lachisanu."

Anatembenukira kwa Kachiswe.

"Ndinakufunsa."

"Munandifunsa, bambo."

"Inakana kuzima? Unaopa? Ndiuze kuti unaopa, mwana wanga, ndikumvetsa."

Kachiswe anatulutsa foni, natsegula gulu lija, nawapatsa. A Mawaya anavala magalasi awo owerengera. Anaona zithunzi za masikirini, tinkhope toseka, ndi dzina loti Wosagona. Ali chiwerengere, uthenga wa msuweni unalowa: "Chithunzi chili kuti, Wosagona wathu?"

Anam'bwezera foniyo pang'onopang'ono.

"Nambala," anatero. "Mkazi wanga ndamusiya ali ndi mapaipi m'mphuno, sanayambe n'kulankhula komwe. Chifukwa cha nambala."

Anagwira kabatani kaja, nakadina. Fani inaima. Anakadinanso. Kachiswe asanamalize kupukuta mphuno, kompyuta inali itayaka ndi zigamba zake zonse ziwiri. Manambala enieni anabwerera pa windo la alonda, ndipo nthawi yomweyo alamu inalira fakitale yonse, kuuza anthu oima mu mkaka wowola kuti chipinda chafunda.

A Mawaya anaisiya ilire.

"Imva. Ndi mawu amene ndinafunika kumva Loweruka. Ndipo bowo lija nalo lakhala lotsegula masiku onsewa. Ngati mwalowa munthu, sindikudziwa. Ndiyamba kufufuza ndikatuluka m'ofesi. Bweretsa kiyi."

Kachiswe anapereka.

"Bambo, mukawauza chiyani a Manijala?"

"Ndikawauza kuti ndinalakwa kusiyira mwana. Zimenezo n'zoona. Koma akandifunsa ngati unayatsanso, sindinama. Bodza limodzi latikwana."

7. Chitseko cha ofesi

Kachiswe anadikira pa benchi ya m'khonde. M'ofesi munkamveka mawu a a Manijala okha. Antchito ankadutsa ndi zitini, ena akumuyang'ana, ena akutsonya.

"Kachiswe wadya nyumba," anatero dalaivala wina, koma palibe anaseka.

A Mawaya anatuluka, nadutsa osamuyang'ana. Kenako a Manijala anaima pakhomo. Kachiswe anadzuka msanga.

"Bwana, ndine ndina..."

"Iwe ndilibe nawe mawu. Sindinakulembe ntchito ine." Anatembenukira kwa mnyamata wonyamula makreti. "Kawaitane amayi a zitini."

Mayiwo anabwera majombo akulira pa simenti. Anavula magolovesi, napukuta manja pa epuloni. Atafika pa benchi anaima, osamuyang'ana mwana wawo kumaso.

"Pita kunyumba. Mng'ono wako akaweruka asapeze chitseko chotseka."

"Amayi, pepani."

"Pepani sindingaphike. Pita."

"Amayi, ndinaganiza kuti..."

"Ndinakupempha uvale nsapato. Ndinakupempha ndi pakamwa panga. Tsopano choka, usandionerere ndikugwada kachiwiri."

Mayiwo analowa. A Manijala anakankha chitseko kuti chitsekeke, koma sichinatsekeke. Anayang'ana pansi. Phazi la Kachiswe linali pakati.

"Wakuitana ndani iwe?"

"Palibe, bwana," anatero Kachiswe. "Koma musanalankhule ndi amayi, mundimve ine kaye."

A Manijala anamuyang'ana kumaso, koyamba chibwerereni pa fakitalepo. Kenako anasiya chitseko.

"Lowa. Ulankhule amayi ako akumva."